Chitoliro cha mufilimu chidandibwezera amuna anga

Ndidagwira unamwino zaka zoposa 30, koma wodwala amene wandiphunzitsa zambiri ndi amene ndimakhala naye nyumba imodzi kuno ku Zingwangwa. Bambo a kwathu ali ndi zaka 75. Zaka zitatu zapitazo adayamba kuiwala pomwe aika makiyi, kenaka maina a adzukulu. Tsiku lina adapita kukagula sopo pamsika, mpaka dzuwa kulowa osabwera. Tidakawapeza ku Chilobwe atazunguliridwa ndi anthu. Ku Gulupu madokotala adatiuza kuti ndi matenda a ubongo aja amati dementia. Masiku ano amangokhala pakhonde duu, ine amanditchula kuti "anesi", ngati tili kuwodi.

Mwezi watha mdzukulu wathu wa kukoleji adabwera kutchuthi ndi laputopu yodzaza mafilimu. Tidagwirizana zoti tizionera imodzi madzulo alionse tikatha kudya.

Yoyamba idali katuni ya 2020 yotchedwa Soul. Ndi nkhani ya mphunzitsi wa nyimbo wa ku New York amene moyo wake wonse ankalakalaka kuimba piyano m'bandi ya jazi, ndiye tsiku lomwe mwayi wapezeka, munthu uja n'kugwera m'dzenje la mumsewu. Jazi yake adakonza ndi Jon Batiste ndipo nyimbo za filimuyi zidalandira mphoto ya Oscar mu 2021. Ine idandikomera. Bambo adangogona pampando.

Mawa lake tidaonera yathu ya konkuno, The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya 2012, yomwe nyimbo zake zidapambana ku Africa Movie Academy Awards mu 2013. Bambo adayang'ana nyanja ija pang'ono, kenaka n'kufunsa ngati nsima yapsa, chonsecho tadya kale.

Tsiku lachitatu mwana uja adati, "Agogo, iyi ndi yakalekale, yopanda ndi mitundu yomwe, mwina ikutopetsani." Idali Come Back, Africa ya 1959. Lionel Rogosin wa ku America adaijambula mozembera boma la tsankho ku Johannesburg. Ndi nkhani ya bambo wochoka kumudzi kukafuna ntchito kumigodi ndi m'tauni, akuzunzika ndi chiphaso. Miriam Makeba, akadali mtsikana, akuimbamo m'shabini ya ku Sophiatown. Filimu yomweyi ndiyo idamutengera ku Venice, ndipo mayi ake atamwalira mu 1960 boma lidamukaniza kubwerera kukaika maliro. Adadzapondanso kwawo mu 1990.

Penapake mufilimumo muli tianyamata ta mumsewu tikuimba kwela ndi zitoliro zachitsulo. Abale inu, ndidangomva phazi likugunda pansi. Kucheuka, bambo ali tcheru, chala chikumenya mkono wa mpando. Adandiyang'ana nkhope n'kunena kuti, "Amayi, awa si a Kachamba awa?"

Padali patatha miyezi isanu asanandiitane kuti amayi.

Sadali a Kachamba ayi, koma khutu lawo silidaname. Kwela idabadwira m'makomboni a ku Joni, n'kufika kuno ndi malekodi komanso anthu obwerako. Daniel ndi mng'ono wake Donald Kachamba a m'mudzi mwa Singano, kufupi ndi Chileka, adaitenga n'kuiveka Chichewa. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria adawapeza akuimba mu Blantyre muno ndipo adawajambula filimu. Daniel adatisiya mu 1987, Donald mu 2001. Paja kwathu kuno tikati jazi sitinkanena malipenga a ku America okha. Banjo yokhoma pamanja, ng'oma ndi besi ya chingwe chimodzi, monga zija za Alan Namoko ndi Chimvu Jazz, nazonso timati jazi.

Usiku umenewo bambo adayankhula. Adafotokoza za ulendo wawo wa Wenela mu 1972, kukwera ndege koyamba mpaka ku Francistown, ndi momwe a Kamuzu adaletsera ulendowu ndege itagwa konko mu 1974. Adakumbuka tsiku lomwe adanditengera kukaonera kanema ku Apollo tikadali pachibwenzi, adatchula ndi diresi yabuluu imene ndidavala. Mdzukulu uja adangoti kukamwa yasa, poti agogo akewo ankawadziwa ngati munthu wosayankhula. Ine ndidanamizira kukatenga madzi kukhitchini.

Kutacha, "Anesi, mwadzuka bwanji?"

Ndiye musandimve molakwa, nyimbo sizichiza matendawa. Chomwe chimachitika n'chakuti iwo amayamba kuwononga mbali ya ubongo yosunga zinthu zatsopano, pomwe zakale, makamaka nyimbo za paunyamata, zimachedwa kufufutika. N'chifukwa chake gogo woiwala dzina la mwana wake amatha kuimba nyimbo ya kutchalitchi mavesi onse.

Ngati muli ndi wotere pakhomo, fufuzani zomwe ankamvera ali ndi zaka 15 kufika 25. Musamuikire zokonda inu. Muziika motsitsa, makamaka chakumadzulo pomwe ambiri a iwo amayamba kusakhazikika. Ikamuliza kapena kumukwiyitsa, zimitsani. Musamufunse mafunso ngati mayeso, "Uyu ndani? Nanga uyu?" Zimangomuchititsa manyazi. Kuchipatala musasiye, BP ndi shuga aziyezetsa, ndipo m'thumba la malaya ake muzikhala kapepala ka nambala yanu ya foni.

Kapepalako ndikukanena dala. Tsiku lija ku Chilobwe, anyamata ena adali atayamba kale kunena kuti madalawa agwa pandege ya ufiti, poti ankalephera kutchula komwe akuchokera. Mwayi wake mayi wina wa mumpingo mwathu amadutsa ndipo adawazindikira. Ndikakumbuka agogo anayi amene adaphedwa ku Neno mu 2016 powaganizira ufiti, thupi limandizizira. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma gulu likakwiya lamulo limafika mochedwa. Mukaona nkhalamba yasokonekera pamsewu, ikhazikeni pamthunzi, ipatseni madzi, muitengere kupolisi kapena kwa amfumu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo wa mnzako naye ndi mayi wa wina.

Mdzukulu uja adabwerera kusukulu, koma adandisiyira nyimbo za a Kachamba mufoni. Ikakwana 5 koloko ndimatulutsa mipando iwiri pakhonde n'kuziika. Masiku ena palibe chimachitika. Masiku ena phazi lija limayamba kugunda, ine n'kukhala chete kudikira kuti lero andiitana ndani.