Mlendo Adza ndi Kalumo Kakuthwa: Za Kudzitikita Mapazi, Manja ndi Makutu

Akuluakulu akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti nzeru yachilendo imatha kumasula mfundo imene yakanika eni mudzi. Komabe wanzeru amayamba wakayesa kalumoko asanakafikitse pamutu. Mlendo wina amene ayenera kuyesedwa chotero ndi luso lotchedwa reflexology, lomwe ndi kutikita kapena kudina malo osankhika a kuphazi, a m'chikhatho ndi a pakhutu, pokhulupirira kuti malowo ndi olumikizana ndi ziwalo zina za m'thupi.

Lusoli, monga likudziwikira lero, lidakulira ku America. M'chaka cha 1917 dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, William Fitzgerald, adatulutsa buku pamodzi ndi Edwin Bowers, momwe adagawa thupi m'mizere khumi yochokera kumutu mpaka ku zala. Pambuyo pake mayi wina, Eunice Ingham, adajambula thupi lonse pansi pa mapazi, nafalitsa maganizo ake m'buku la mu 1938. Pa chithunzi chakecho chala chachikulu chimaimira mutu, m'munsi mwa zala ndi chifuwa, pakati pa phazi ndi mimba, ndipo mphepete ya m'kati ndi msana. Za makutu zidadza ndi dokotala wa ku Lyon m'dziko la France, Paul Nogier, amene m'zaka za m'ma 1950 adati khutu likufanana ndi mwana wozondoka m'mimba mwa mayi wake, mutu uli pamene akazi amavala ndolo.

Kachitidwe kake nkosavuta. Munthu amasambitsa mapazi m'madzi ofunda, nawapukuta bwino, kenaka amasanjika phazi limodzi pabondo. Chala chachikulu cha kudzanja chimayenda pang'onopang'ono ngati mbozi patsamba, kuchokera ku chidendene mpaka ku zala, kudina ndi kuleka, osafika popweteka. M'manja amatikita chikhatho ndi chala chilichonse, ndipo khutu amalifinya mofatsa kuyambira kumwamba kutsikira kunsi.

Amene adakulira kumudzi sangadabwe kwambiri ndi zimenezi, pakuti makolo adali ndi kuthowa. Munthu wamkulu akafika kuchokera ku ulendo wautali wapansi, kapena akaweruka kumunda miyendo ili lendelende, mwana ankatereka madzi pamoto, naviika kansalu, nathowa miyendo ya kholo lake. Mang'a ankawakwecha ndi mwala, nawadzoza mafuta a nsatsi. Minga ndi matekenya zinkachotsedwa nthawi yomweyo, ndipo mwanayo ankalipidwa nthano. Kusiyana kwake nkwakuti kale phazi la nkhalamba linkagwidwa ndi dzanja la wina, pamene lero nkhalamba zambiri zimadzigwira zokha chifukwa ana ndi adzukulu adabalalikira m'matauni.

Agogo ena aakazi, odwala matenda a shuga, adalandira chithunzi cha mapazi chotere kuchokera kwa mdzukulu wawo wa ku Johannesburg. Madzulo aliwonse ankakhala pamphasa nkumadzitikita, ndipo ankati tulo tayamba kubwera msanga. Zimenezo zidali zabwino. Koma posakhalitsa adayamba kulankhula zoleka kumwa mankhwala a kuchipatala, poganiza kuti chala chawo chawakwanira. Tsiku lina mdzukulu wamng'ono, atabwera pa tchuthi, adapempha kuti awasambitse mapazi. Atatembenuza phazi lamanzere adati, "Agogo, kodi chilonda ichi mwachiona?" Iwo adali asadachione, ngakhale kuchimva, chifukwa shuga amaononga mitsempha ya kumapazi mpaka munthu amatha kuponda munga osadziwa. Ndiponso msana wokalamba sulola maso kufika pansi pa phazi. Adapita nawo kuchipatala m'mawa mwake, chilondacho chisanakule.

Apa mpamene kalumo ka mlendo kayenera kuyesedwa. M'chaka cha 2009 katswiri wina, Edzard Ernst, adasanthula kafukufuku amene adachitika pa reflexology, napeza kuti palibe umboni wokhutiritsa wakuti imachiza nthenda iliyonse. Mu 2015 boma la Australia nalonso lidaunika njira zingapo zochizira zoterezi, ndipo silidapeze umboni womveka wakuti iyi imachiza. Kutikita kumafewetsa minofu yotopa ndi kukhazika mtima pansi, koma kudina chidendene sikutsitsa shuga, ndipo kufinya khutu sikulowa m'malo mwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Pachilonda, potupa kapena pothyoka sipatikitidwa. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi nkumapweteka, ndi wa kuchipatala, chifukwa mwina magazi aundana mu mtsempha. Wodwala shuga ayese madzi ndi chigongono asanaviikemo phazi, popeza phazi lachita dzanzi silimva kutentha.

Phindu lenileni la chizolowezichi lili pakuti chimabweza munthu ku mapazi ake tsiku ndi tsiku. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ndipo lasenza mwini wake kumunda, kuchigayo, kumaliro ndi kutchalitchi kwa zaka zonse za moyo wake. Nkoyenera kuti madzulo lisambitsidwe, lidzozedwe ndi kuyang'anidwa pakati pa zala. Nkhalamba idzitikite ndithu pamene ili yokha, koma chala chimodzi sichiswa nsabwe: pamafunika maso ena oona pamene eni ake sangaone.

Tsono adzukulu amene amatumiza zithunzi ndi ndalama pafoni achita bwino, koma akafika kumudzi asathere pa moni wa pakhomo. Atereke madzi, akhale pansi, anyamule phazi la agogo awo nkuliyang'ana. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.