Mabuku Anga a Kaphikidwe ka Ndiwo Zopanda Nyama

Amayi anzanga, sabata ino ndati ndikuuzeni za mabuku anayi amene amakhala pa alumali ya m'khitchini mwanga kuno ku Katoto, ndiponso za lachisanu limene ndinapatsa ana kuti azidulamo zithunzi. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kuseka, poti kwathu kuno mkazi amaphunzirira kuphika masamba pamafuwa a amayi ake, osati m'buku ayi. Inenso ndinali kuganiza chomwecho kufikira m'chaka cha 2019, pamene abambo a kunyumba kwanga anadwala mutu kwa masiku atatu, ndipo titapita kuchipatala anawapeza ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Adokotala anawapatsa mankhwala, nawalangiza kuti achepetse mchere ndi nyama ya mafuta. Iwo, pokhala munthu wosadziwa kuchita zinthu mwatheka, analengeza tili m'njira kuti kuyambira tsiku limenelo nyama aisiyiratu.

Awatu ndi bambo amene kale lonse ankati kudya nsima yopanda nyama kapena nsomba n'chimodzimodzi kugona ndi njala. Ine ndinavomera mokondwa, ndikudzitama mumtima kuti za masamba palibe angandiphunzitse. Lolemba ndinaphika nkhwani, Lachiwiri nyemba, Lachitatu repu, ndipo Lachinayi ndinapezeka ndabwereranso ku nkhwani. Pofika sabata yachitatu mitanda ya nsima inayamba kubwerera kukhitchini itangonyemedwa m'mbali. Tsiku lina ndikuchapa ndinapeza m'thumba la jekete lawo kapepala konona mafuta, konunkhira kanyenya. Sindinakwiye, amayi anzanga; ndinachita mantha. Ndinazindikira kuti mphika wanga ukapitiriza kuwatopetsa, chiwaya cha kumsewu chidzandisiya wamasiye ana asanamalize sukulu.

Mantha amenewo ndi amene anandigulitsa buku loyamba lija. Ndinalipeza kwa munthu wina wogulitsa mabuku akale pakhonde la sitolo m'tauni, lalikulu, la mapepala onyezimira, lodzaza ndi zithunzi zoti ukaziona malovu n'kudzadza m'kamwa. Ndinalipira osatsegula n'komwe masamba a m'kati. Akuluakulu ananena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tsamba lililonse linali kufuna asparagus, tchizi cha Parmesan, mafuta a olivi, ndi tinthu tina timene ngakhale dzina lake sindinalimvepo mumsika wa Mzuzu kapena ku Zigwagwa. Zonse zinali zoyeza pa sikelo ndi zophika mu uvuni. Ndinalimba mtima n'kuyesa chakudya chimodzi cha mabiringano ndi tchizi, nditawonongera ndalama ya ndiwo ya masiku atatu, koma chili pakati magetsi anazima. Ndinachisamutsira pa mbaula, pansi n'kupserera pamwamba pali paliwisi, ndipo usiku umenewo tinagonera tiyi ndi mbatata.

Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo limene ndikukupatsani inunso. Musanatulutse ndalama m'mpango, tsegulani bukulo paliponse, muwerenge maphikidwe khumi otsatizana, ndipo mudzifunse kuti ndi angati amene mungaphike mawa ndi zinthu za mumsika wanu kapena za m'dimba mwanu, pa mbaula kapena pamafuwa, poyeza ndi kapu ndi supuni. Akapanda kukwana asanu, libwezeni mwaulemu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Buku loyamba kupambana mayeso amenewa ndinapatsidwa ndi mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu, amene kale anali mphunzitsi wa za ntchito za pakhomo. Dzina lake ndi The Malawi Cook Book, lolembedwa ndi Annabel Shaxson, Pat Dickson ndi June Walker, ndipo linatuluka koyamba mu 1974. Kunena zoona, si buku la anthu osadya nyama. Muli nyama, muli nsomba, mulinso ngakhale kakonzedwe ka dzombe ndi ana a njuchi. Komatu alembi ake anali kukhala m'dziko muno, akugula m'misika yathu yomweyi, choncho zimene amatchula ndi chinangwa, mbatata, maungu, mtedza, nthochi, mapapaya ndi masamba athu. Lili m'Chingerezi, ndipo pena mumachita kuona kuti likulankhula ndi mayi wachizungu amene ali ndi khukhi wake, koma zimenezo ine ndimangozilumpha. Chimene linandichitira n'kundikumbutsa kuti chinthu chimodzi chikhoza kuphikidwa m'njira zingapo, ndi kuti dzungu silinalengedwere kuphika m'madzi kokha.

Lachiwiri ananditumizira ndi mwana wa achemwali anga amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Limatchedwa More-with-Less Cookbook, ndipo analisonkhanitsa ndi Doris Janzen Longacre wa mpingo wa Mennonite ku America mu 1976, potolera maphikidwe kwa anthu a mpingowo, ena mwa iwo atakhalapo m'maiko osauka. Nalonso silikana nyama kotheratu, koma mtima wake wonse uli pa kudyetsa banja bwino ndi ndalama yochepa, ndipo lili ndi njira zambiri zophikira nyemba, soya ndi mphodza. M'menemo ndinatengamo chizolowezi chothira anyezi wokazinga, adyo, jinja ndi kale mu nyemba zophikidwa kale, kotero kuti nyemba za Lachiwiri zimatha kubweranso Lachitatu ndi mpunga wa Kilombero abambo osazizindikira.

Mwana yemweyo ndi amene anatifotokozera za buku lina lotchuka la Frances Moore Lappé, Diet for a Small Planet, la mu 1971, limene linaphunzitsa azungu kuti chimanga kapena mpunga zikadyedwa ndi nyemba zimakwaniritsana pomanga thupi, popeza kachigawo kamene kamaperewera m'chimanga kamapezeka kochuluka m'nyemba. Abambo atamva zimenezi anaseka mpaka kutsokomola, nati: “Ndiye kuti ku sukulu yogonera komweko ankatidyetsa za sayansi ife tikudandaula!” Mlembiyo anadzakonza mawu ake mu 1981, n'kunena kuti sikofunika kuti ziwirizi zikumane m'mbale imodzi nthawi zonse, malinga munthu akudya zakasinthasintha ndi zokwanira. Ine mlembi wovomera kuti anaphonya ndimamukhulupirira koposa amene amadziwa zonse.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa pali chinthu chimene buku la ndiwo zopanda nyama liyenera kukuuzani, ndipo likabisa musaliyese bwenzi. Pali vitamini wina wotchedwa B12, wofunika pa magazi ndi mitsempha, amene sapezeka m'masamba, m'nyemba kapena mu mtedza. Amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Munthu akasiya zonsezi kwa nthawi yaitali popanda mapiritsi ake, magazi amachepa, manja ndi miyendo n'kumachita dzanzi. Mnansi wanga wa mpingo wa Seventh-day Adventist, amene anandibwereka buku lawo lakale la Ten Talents la Frank ndi Rosalie Hurd la mu 1968, ndiye anayamba kundichenjeza za ichi, ndipo anamwino anatsimikiza. Chotero pakhomo pathu abambo amadya dzira kawirikawiri, ndi chambiko kapena mkaka wowiritsa wochokera kwa alimi a ng'ombe ozungulira mzinda uno. Ana sindinawalande usipa wawo ayi, ndipo inu amayi oyembekezera ndi oyamwitsa musasiye chakudya chilichonse chifukwa cha buku musanafunse kusikelo. Buku la mnansi wangalo ndinalibweza nditakopera kaumbidwe ka timakeke ta nyemba zosinja ndi mtedza, timene ana amatengera kusukulu.

Lachitatu si buku la kaphikidwe kwenikweni, koma ndimalitsegula kawirikawiri kuposa awiri aja. Ndi Sustainable Nutrition Manual la Stacia Nordin, katswiri wa za kadyedwe amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Chitedze. Linatuluka mu 2016 mothandizidwa ndi World Food Programme, ndipo limapezeka pa intaneti mwaulere. Limatsata magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi athu amaphunzitsa, ndipo lili ndi mndandanda wautali wa zomera zodyedwa za m'dziko muno. Ndikuliwerenga ndinachita manyazi poona kuti luni, chisoso, bonongwe ndi denje, zimene ndinkazula kuseri kwa nyumba n'kutaya kudzala, ndi ndiwo zopatsa thanzi zosafuna feteleza kapena mankhwala, pamene ine ndinali kuthamangira kabichi wogula. Ndinadzamvanso kuti mayi wina, Jessie Williamson, analemba kale za zomera zimenezi ndi maina ake m'zilankhulo zathu m'buku la Useful Plants of Nyasaland mu 1955, lomwe linakonzedwanso mu 1975 ndi dzina la Useful Plants of Malawi. Taonani, zimene agogo athu ankadya ena anaziona zoyenera kusindikiza, eni akefe tikuzitcha ndiwo za amphawi.

Tsono lachinayi ndi kope la ana a sukulu, la chikuto chofiira, lothimbirira ndi nsinjiro ndi madzi a tomato. Linayamba pamene apongozi anga anabwera kuchokera kumudzi, kufupi ndi Ekwendeni, kudzaona mwana wawo. Anayang'ana mabuku anga, nawatembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti: “Mkamwana, kodi mphangwe yafika pophikira m'makalata?” Koma iwo eni sanali mlendo pa zophunzira. Kwawoko kuli bungwe la Soils, Food and Healthy Communities, limene linayambira pa chipatala cha Ekwendeni m'chaka cha 2000, ndipo mwa zina limachititsa masiku oonetsana kaphikidwe m'midzi, amayi ndi abambo omwe n'kumaphika poyera soya, nandolo, khobwe ndi mtedza, anthu n'kumalawa. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuti soya amayenera kukazingidwa kapena kuwiritsidwa bwino asanapite kuchigayo, apo ayi amanunkha chiwisi ndi kuvuta m'mimba.

Anakhala nafe milungu isanu m'nyengo yozizira ija ya Juni, chifunga chili tolo m'mawa uliwonse, ndipo ine ndinakhala pambali pawo ndi kope ndi pensulo. Vuto linali lakuti iwo muyeso wawo ndi dzanja. Akatapa nsinjiro ndinkawagwira mkono, n'kukhuthulira m'kapu kuti ndione kuchuluka kwake, iwo akuseka kuti ndikuwachedwetsa. Umo ndi momwe ndinalembera chipere: kuviika nyemba makapu awiri usiku wonse, kuzifikisa m'manja kuti makoko achoke, kuziwiritsa mpaka zitaphwanyika, kuzipota ndi mthiko, kenaka kuthira tomato awiri, anyezi mmodzi ndi kamchere ka kunsonga kwa supuni. Kuviikako kumapulumutsanso makala. Ndinalemba chigwada, chimene chimafuna kusinjidwa bwino ndi kuwira nthawi yaitali poto ali wosavundikira. Ndinalemba futali wa mbatata yofiira m'kati, khwanya wa mfutso, ndi nthochi zaziwisi zotendera, zimene zinalowa m'malo mwa mbalagha imene abambo ankaikonda ndi nyama. Pa mtedza anali aukali: ankakhala ndi lichero n'kusankha umodziumodzi, wofota ndi wachuku wonse n'kutaya, ndipo apa anagwirizana ndi mabuku, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni wowononga chiwindi amene satha ndi moto.

Pa soda pokha ndi pamene tinasiyana. Iwo ankati masamba opanda soda ndi chakudya cha mbuzi. Ine ndinali nditawerenga kuti soda amawononga ena mwa mavitamini a m'masamba, ndiponso kuti ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho cha mu mchere chimene chimakweza magazi. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, ndiye kuti pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera pamodzi ndi wobisika m'timapaketi tokometsera ndiwo ndi m'kaufa kobwera ndi nyama ya soya ija ya m'sitolo. Mkamwana satsutsa apongozi pamaso. Ndinangophika mapoto awiri, wina wa soda wina wa masamba anthete osadzula bwino, oduladula tating'ono, ndi madzi a ndimu pang'ono pomaliza. Analawa onse awiri, nakhala chete, kenaka anati wa mwana wawo uzikhala wachiwiriwo, koma wawo ndisaukhudze. Mpaka pamene anatisiya mu 2023, soda wawo ankayenda naye m'kachikwama.

Abambo akumwabe mankhwala awo tsiku ndi tsiku, pakuti ndiwo sizilowa m'malo mwa mankhwala, ndipo kuchipatala amabwerako ndi manambala osaopsa ngati kale. M'matumba mwawo ndimapezamo malisiti okhaokha. Chimene chinatsala kundivuta ndi alendo, popeza mlendo wolemekezeka pakhomo pa Mmalawi amaphedwera nkhuku, ndipo sindinafune kuti kuchimuna azikanena kuti mkazi wa ku Dedza uja wayamba kumana. Pa Khirisimasi yapitayi anabwera alamu anga awiri ndi akazi awo. Ndinapha tambala monga mwa mwambo, ndipo pambali ndinaphikira abambo bowa wotendera, wa utale umene tinagula m'mbali mwa msewu ku Chikangawa kwa amayi oudziwa bwino. Bowa wa kutchire musamamuzindikire ndi chithunzi cha m'buku, chonde. Nditalowa kukatenga mbale ndinapeza ya bowa yanyambitidwa, tambala atatsala theka, abambo akudandaula kuti awalanda ndiwo zawo, ndipo akazi a alamu anga anandilondola kukhitchini kudzapempha kope.

Kopelo latsala ndi masamba 11 okha osalembedwa, ndipo ndawasungira nzama, mawere ndi chinaka cha ku Chitipa. Inu amene mumaziphika bwino, lemberani kudzera kwa mkonzi wa tsamba lino, ndipo musaiwale kunena kuti dzanja lanu limodzi limadzaza kapu mpaka pati.