Kamera Imapulumutsanso Wosalakwa

Anzanga a pagulu pano, sabata ino ndati tikambeko za makamera a CCTV. Kuno ku Rumphi Boma ayamba kuoneka pa makomo a mashopu ena akuluakulu. Ambiri amati ntchito yake ndi kugwira akuba basi. Ine amene ndimagulitsa nyemba ndi mpunga pamsika ndimaona phindu lina loposa pamenepo: kamera imapulumutsa munthu wosalakwa.

Pamsika katundu akasowa, womuloza chala sasowa. Woyamba ndi mlonda, wachiwiri ndi mnyamata wa ganyu wotinyamulira matumba. Chaka chatha nyengo yogulitsa fodya, ndalama zikuyenda, mayi wina mnzathu anapeza thumba lake la nyemba palibe. Dzuwa lisanakwere anthu anali atamuzinga kale mnyamata wake, ena atatola miyala. Mwini shopu yoyang'anizana nafe anati, "Dikirani kaye amayi, tione kamera." Pa foni yawo tinaona munthu wina ndithu, wachilendo, akukweza thumbalo panjinga m'bandakucha. Wakubayo sanapezeke mpaka lero, koma mnyamata uja ali moyo, akugwirabe ntchito. M'dziko muno timamva za anthu owotchedwa chifukwa chongoganiziridwa, ndiye zimenezi si zazing'ono ayi.

Ngakhale kwa anzathu olemera, kamera imathandiza kwambiri zinthu zitachitika kale. Ku London, mabomba ataphulika pa 7 July 2005, apolisi anatsata mayendedwe a anthu anayi omwe anachita chipongwecho poonera zomwe makamera a m'masiteshoni a sitima anajambula. Makamerawo sanaletse mabomba, koma anaulula choonadi. Abale athu a ku Joni amatiuza za makamera a Vumacam omwe ali pa mapolo m'misewu ya Johannesburg, komabe umbava sunathe kumeneko.

Kwathu kuno vuto lina ndi magetsi. Tonse tikukumbuka mdima womwe unadza namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022. Kamera yopanda sola ndi batire imagona limodzi ndi magetsi, ndipo wakuba amadziwa zimenezo kuposa ife.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi chala chathu pa foni. Chithunzi cha usiku chimakhala chosaoneka bwino, chipewa n'chimodzi, jekete n'limodzi, wina wati, "Ameneyutu ndi mwana wa uje." Mukachiponya pa WhatsApp, pofika madzulo chafika ku Bolero ndi ku Chiweta, dzina la munthu laipa, kulibweza simungathe. Kanemayo apite kwa apolisi, iwo afufuze.

Ndiye pempho langa kwa makomiti a misika: tisonkherane pang'onopang'ono monga timachitira ndi ndalama ya mlonda. Kamera imodzi iloze pageti, ikhale ndi sola yake, ndipo kanema aziona a komiti limodzi ndi achitetezo cha m'dera, osati aliyense. Mlondanso asachotsedwe ntchito, poti kamera siikuwa, siithamanga. Kwanuko ku Limbe, ku Mzuzu kapena ku Mchinji mukuchita bwanji? Tiuzeni tiphunzireko.