Tinapita kukawedza ku Kielder, mbedza n'kuzisiya m'galimoto

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo wina akati tipite kunyanja, m'mutu mwanga mumabwera mbedza ndi nyambo basi. Ndiye mwana wanga wamkazi wa zaka 13 atavomera kundiperekeza ku Kielder Water Loweruka lina mu June, ndinakondwa mpaka kukagula mbedza yachiwiri. Mwanayu anabadwira kuno ku Newcastle, m'dziko la England. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo chaka chino mayankho akewo afupika mpaka kutsala liwu limodzi kapena awiri.

Kielder ili kufupi ndi malire a Scotland, ulendo wa pafupifupi ola limodzi ndi theka pagalimoto. Si nyanja yachilengedwe ayi. Anachita kutseka mtsinje wa North Tyne, madzi n'kumiza chigwa, ndipo Mfumukazi Elizabeth II inatsegulira damuli mu 1982. Limasunga malita pafupifupi 200 biliyoni, kuposa nyanja ina iliyonse yochita kupangidwa ndi anthu ku Britain. Lazunguliridwa ndi nkhalango yochita kudzala, yomwe anaiyamba m'zaka za m'ma 1920, mitengo yake ili m'mizere ngati ya ku Chikangawa. Nsomba zake ndi trout, zonga za pa phiri la Zomba, koma sungofika n'kuponya mbedza ngati kwathu. Pamafunika laisensi ya boma, kenaka ulipirenso chilolezo cha tsikulo.

Zonsezo ndinalipira. Ola lathunthu linatha osadyedwa nyambo, mwana ali phee pamwala, maso pafoni. Ndili pafupi kumukalipira, ndinangomva, "Adadi, pali chinthu chobisika mamita 400 kuchokera pano."

Masewerawa amawatcha geocaching. Munthu amabisa kabokosi kosalowa madzi kuthengo, n'kulemba pa intaneti manambala a GPS osonyeza malowo, ena n'kumakafufuza ndi mafoni awo. Anayamba m'mwezi wa May 2000, boma la America litasiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba. Mkulu wina, Dave Ulmer, anabisa ndowa yakuda kufupi ndi Beavercreek ku Oregon pofuna kuona ngati anzake angaipeze, ndipo anaipezadi. Lero timabokosi totere tapitirira 3 miliyoni padziko lonse. Malamulo ake ndi ochepa: lemba dzina m'kabuku kali m'katimo, ukatenga kanthu usiyemo kena, ndipo ubwezere kabokosiko mmene unakapezera.

Kunena zoona ndinaona ngati zachibwana. Kwathu munthu amalowa m'nkhalango kukatola nkhuni, kukazula bowa kapena kukafuna mankhwala, osati kukasaka pulasitiki ya eni. Koma ndinazindikira kanthu kena. Ku Kielder netiweki ndi yovuta, komabe mapu onse anali kale m'foni yake. Ndiye kuti anawakonzeratu kunyumba, ndipo ulendowu anauvomera chifukwa cha zimenezi. Ndinapinda mbedza.

Mutangosiya msewu wa m'mbali mwa nyanja, m'nkhalangomo muli mdima ngati madzulo. Pansi ponse ndi ndere zonyowa, ukaponda phazi limalowa ngati pa siponji. Kenaka kunabwera tizilombo tomwe amati midges, tating'ono kuposa udzudzu. Poyamba ndinatiyesa nkhungu za kwathu, koma nkhungu siziluma ndipo timadya. Iti tinatidya ife, m'makutu, m'khosi, ngakhale m'zikope.

Foni inatifikitsa pa chitsa china n'kuyamba misala. Pansi pa mitengo yowirira GPS siloza ndendende: imati mamita 3 kumanzere, ukasuntha imati mamita 8 kumbuyo. Mwana anazungulira mphindi 20, nkhope itayamba kugwa. Ine ndinasiya kumutsatira, ndinaima n'kumangoyang'ana pansi. Pa mizu ya mtengo wina wogwa panali timitengo tinayi togonekedwa mbali imodzi, bwinobwino. Mphepo sisanja nkhuni chotero.

"Tavundukula apo."

Kanali kabokosi konga koikamo chakudya cha kusukulu. Anakuwa, kenaka anatembenuka n'kundifunsa, m'Chichewa chake chopotokacho, "Mwadziwa bwanji?"

Tinakhala pa mtengo wogwawo ndipo ndinamusimbira za kusaka mbewa m'chilimwe, mmene tinkadziwira una wokhala ndi mbewa poona dothi latsopano ndi kanjira kosalala m'maudzu. Atamva kuti tinkazidya anachita tsinya, koma mafunso sanathe. Agogo aamuna ankapita nawo? Njoka bwanji? Sindikumbuka tsiku lina chaka chino limene tinayankhulana nthawi yaitali chomwecho.

M'kabokosimo munali kabuku konyowa m'mphepete, pensulo, kagalimoto kachidole ndi batani lofiira. Iye anatenga batanilo. Ine ndinapisa m'chikwama n'kupeza kobiri la K1 lomwe ndakhala nalo chibwerere kuno, lija lili ndi nkhwazi. Ndinazengereza pang'ono, ndisaname, koma ndinaliponyamo. Nayonso Kielder ili ndi mbalame yake yogwira nsomba, osprey, yomwe inayambiranso kuswana kumeneko mu 2009 ndipo nyengo yozizira imathawira ku Africa. Wopeza kobirilo mwina adzayesa ndi yomweyo.

M'kabukumo anthu amalemba tsiku ndi mawu ochepa othokoza. Mwana anagwira pensulo n'kundifunsa kalembedwe ka "tinafika". Ndinamutchulira chilembo chimodzichimodzi.

Tsikulo tinapeza timabokosi titatu, kachinayi kanatikanika ndipo tinakasiya mvula itayamba. Titafika kunyumba, amayi ake anasuzumira m'ndowa yopanda kanthu, n'kuyang'ana nkhope zathu zotupa, n'kufunsa kuti ndalama ya chilolezo ija yagula chiyani. Mwana ndiye anayankha, kuti Loweruka likubwerali tibwererako kukasaka kachinayi kaja, ndipo iwo atigulireko mankhwala othamangitsa tizilombo.