Banja likatha, atuluke ndani?

Kwathu kwa Nsabwe, m'mapiri a kumwera kwa Thyolo kufupi ndi Thekerani, funso loti atuluke ndani banja likatha silinkafunsidwa. Aliyense ankalidziwa yankho asanalowe n'komwe m'banja. Alomwe ndi Amang'anja tonse tinkayendera chikamwini: mwamuna ankabwera kudzakhala kwa mkazi, munda unali wa mbumba, ana anali a mbumba, ndipo nyumba inkaima pa dothi la mbumba. Zinthu zikavuta, wobwera uja ndiye ankanyamuka.

Bambo anga anachoka m'zaka za m'ma 1980, ine ndili ku pulayimale. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Zitakanika, malume anangoti, "Alamu, tayesetsa. Musudzuleni mlongo wathuyu mwaulemu, ana akhalabe anu." Bambo analowa m'nyumba, natenga bulangete, chikwanje, wailesi ndi jekete lawo la kutchalitchi, namangirira zonse pa kaliyala ya njinga. Makasu anawasiya. Nthochi zomwe anabzala okha kuseri kwa nyumba anazisiya zili ndi mikoko yokhwima. Tinalira, koma usiku umenewo tinagona pa mphasa zathu zomwe zija, ndipo m'mawa tinapita kusukulu yathu yomwe ija.

Mwambowu unali ndi ululu wake, ndipo amene amauyamikira mopanda malire sanakhalepo mkamwini. Munthu ankatha kulima munda zaka makumi awiri n'kuchoka ndi katundu wokwana panjinga. N'chifukwa chake akamwini ena ankazengereza kubzala mitengo kapena kumanga nyumba yooneka. Komabe nyumba ya masiku amenewo inali ya zidina ndi udzu. Mwamuna wamphamvu zake ankatha kumanga ina chilimwe chimodzi, kwawo kwa alongo ake kapena kumene wakakwatiranso. Chimene ankataya chinali chachikulu mumtima, koma sichinali chuma cha moyo wake wonse.

Ngakhale nthawi imeneyo, kumpoto kwa dera lathu kunali kale lamulo lina. Amuna ambiri a kwathu ankapita kukagwira ntchito m'minda ya tiyi, mbali za Satemwa, Naming'omba, Conforzi ndi Makandi. Nyumba ya kumalaini imayendera dzina la amene walembedwa ntchito. Mayi anga aang'ono anatsatira amuna awo ku esiteti ina, ndipo banja litatha anabwerera kumudzi ali ndi mwana kumsana, mapoto ali m'dengu pamutu. Agogo anadabwa kwambiri kuti mkazi n'kutulutsidwa m'nyumba. Koma anawalozera malo a munda ndi pomanga, nkhani n'kuthera pomwepo. Malo analipo.

Lero malowo kulibe. Minda ikuluikulu inatengedwa kale m'nthawi ya atsamunda ndi thangata, ndipo yotsalayo takhala tikuigawana mpaka yasanduka timizere. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo lokha. Kuyambira 2004, ntchito ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Machinga ndi Mangochi, kutali ndi mbumba zawo. Kenako matenda a chisaka anapha nthochi zomwe zinkadzaza malole kuchokera ku Thekerani, ndipo anyamata anayamba kukhamukira ku Joni. Ndalama za ku Joni sizimanga nyumba ya udzu. Zimamanga ya njerwa zootcha, ya malata ndi simenti, ndipo mnyamata amene anaona bambo ake akuchoka ndi bulangete lokha safuna kuimanga kwa apongozi. Amagula poloti ku Thekerani, ku Luchenza kapena ku Bvumbwe, ndipo pa pepala losainirana pamalembedwa dzina lake lokha.

Sindimuda mnyamata wotereyu. Mantha ake ndi oona. Chimene chimandiwawa n'chakuti pothawa chikamwini, tachotsa chitetezo chimene mkazi ndi ana anali nacho popanda kuikapo china m'malo mwake.

Msuweni wanga anaumba nawo njerwa za nyumba yawo. Ndinamuona ndi maso anga akutunga madzi a pa dothi, ndowa pamutu, mimba ili yaikulu, kenako n'kumaphikira amisiri nsima pa mafuwa pambali pa maziko. Mwamuna wake ankatumiza ndalama za malata kuchokera ku Johannesburg. Atabwerako, banja linayamba kugwedezeka, ndipo tsiku lina anangomuuza kuti, "Mayi a ana, nyumba ino ndinagula ndi thukuta langa. Kwanu kulipo, pitani." Kwawoko anapeza munda wa mayi ake utagawidwa kale kwa achemwali ake atatu. Anayamba kugona m'khitchini.

Nkhoswe wake, malume ake, amakhala ku Limbe ndipo nkhaniyo anaimvera pa foni. Anakalipa, koma pa poloti yogula mawu a mwinimbumba alibe mphamvu. Mabanja ena ambiri masiku ano ndi ongolowana, opanda ankhoswe n'komwe.

Pa pepala, malamulo ali kumbali ya mkazi ngati ameneyu. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limati banja likatha mkazi ayenera kupatsidwa gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, ndiponso chithandizo choyenera. Lamulo la maukwati la 2015 limauza khoti kuti pogawa katundu liwerengenso ntchito zosalipidwa monga kulera ana ndi kusamala pakhomo. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kulamula kuti wochitiridwa nkhanza atsale m'nyumba, wankhanzayo atuluke. Makhoti amazindikiranso mwambo wakuti mwamuna ayenera kumangira mkazi wake nyumba kwawo kwa mkaziyo. Zonsezi n'zabwino, ndipo ndimalakalaka mtsikana aliyense wa kwa Nsabwe atazidziwa asanaumbe njerwa yoyamba.

Koma mwambo unkagwira ntchito tsiku lomwelo, pabwalo, anthu onse akuona. Lamulo limafuna ndalama ya kabaza kutsika ndi kukwera mapiri athuwa, limafuna samani, limafuna kudikira mlandu ukaimitsidwa, limafunanso mtima wolimba wopirira anthu akamanena kuti mkazi uja wasumira bambo wa ana ake. Ngakhale khoti ligamule kuti amangiridwe nyumba, pafunika malo oimangapo, ndipo mwamuna akabwerera ku Joni palibe womutsatira.

Msuweni wanga anakasuma ndithu, ndipo mlandu sunathebe. Ana awiri aang'ono ali naye kwa agogo awo. Wamkulu, amene ali Sitandade 8, anatsala ndi bambo ake chifukwa sukulu yake ili pafupi ndi poloti ija, ndipo azing'ono ake amawaona pa holide pokha.