Zilembo zonenepa pa chikwangwani cha azakhali

Azakhali anga ali ndi kashopu ku Muloza, m'mbali mwa msewu wopita kuchipata chotulukira ku Milange, m'dziko la Mozambique. Amagulitsa tiyi, mandasi ndi buledi. Atasunga kandalama kwa miyezi ingapo, anandiimbira foni: "Iwe, si paja unapita ku yunivesite? Tandikonzere chikwangwani choti anthu aziona."

Ndinatsegula Canva pafoni n'kusankha zilembo zoonda, zopendekeka, ngati za pa khadi la ukwati. Ndinkadzimva kuti ndine katswiri. Nditafika ku Muloza n'kuwaonetsa, anayang'anitsitsa kenako anapukusa mutu.

"Mwanawe, zimenezi aziwerenga ndani? Wakabaza akuthamanga, kumbuyo wanyamula matumba a chimanga, ndiye aime kuti awerenge timizere timeneti?"

Kunena zoona, zinandiwawa. Koma mawu awo anali oona, ndipo ndalama yosindikizira inali yokwana ulendo umodzi basi. Ndikanalakwitsa, thukuta lawo likanapita pachabe.

Ndiye ndinayambiranso. Ndinasiya kufunafuna zilembo zokongola pafoni, n'kuyamba kufuna zooneka munthu ali patali. Apa m'pamene ndinakopeka ndi zilembo zonenepa, zozungulira m'makona, zooneka ngati zikumwetulira. Zilembo zotere si zachilendo ayi. Mtundu wotchedwa Cooper Black anaukonza ndi Oswald Cooper ku Chicago mu 1922, ndipo mpaka pano ukugwirabe ntchito pa zikwangwani. Masiku ano kulinso ina monga Fredoka ndi Baloo, yomwe imapezeka mwaulere pa Google Fonts.

Ndinasankha mitundu itatu, n'kusindikiza dzina la shopu pa mapepala wamba. Tinawamata pachitseko, ine ndi azakhali n'kuwoloka msewu kukaimirira tsidya lina. Mtundu woyamba unali wonenepa mopitirira, moti timabowo ta mu "a" ndi "e" tinatsekeka, mawu n'kumaoneka ngati matope. Wachiwiri unkawerengeka bwino, koma unatigwetsa ulesi pa chinthu china.

Makasitomala ambiri a azakhali amachokera ku Milange, choncho iwo ankafuna kuti pansi pa mawu akuti buledi palembedwenso "pão", lomwe ndi dzina lake m'Chipwitikizi. Nditalemba, m'malo mwa "ã" panangotuluka kabokosi. Nditayesa "ŵ" wa mu Malaŵi, zinali chimodzimodzi. Inunso mukamasankha zilembo, yambani mwayesa zilembo ziwirizi musanalipire kosindikiza, chifukwa si mitundu yonse imene ili nazo.

Wachitatu ndi umene unapambana. Unali ndi zilembo zonse, timabowo tinali totseguka, ndipo mawu anayi okha anadzaza chikwangwani chonse. Ndinkafuna kuwonjezera nambala ya foni ndi chithunzi cha kapu ya tiyi, koma azakhali anakana. "Munthu wanjala safuna nkhani zambiri," anatero.

Chikwangwanicho chilipo mpaka lero, zilembo zofiira pachikasu. Sindinganame kuti azakhali alemera nacho. Koma tsiku lina m'mawa ndinaona bambo wina wakabaza akuchepetsa liwiro, kuwerenga mokweza kuti "pão", n'kutembenuza njinga. Azakhali anandiyang'ana, osanena kanthu, n'kundithirira tiyi wina.