Kalipa ya Land Cruiser pa galaja ya kwa Mpama

Galaja iyi ilibe chipata choti wina atsekule, choncho tsiku limayamba pamene munthu woyamba wafika ndi vuto lake. Kawirikawiri amakhala wakabaza. Isanakwane 6 koloko, phiri la Chiradzulu likadali m'nkhungu, njinga zamoto zimakhala zandanda kale pansi pa mtengo wa mango: wina tcheni chakhwepa, wina teyala laphwa, wina akungofuna kubwereka sipanala imene sabweza mpaka atakumbutsidwa. Alimi a ng'ombe amadutsa ndi zigubu za mkaka panjinga zakapalasa, mayi wa mandasi amayala beseni lake pafupi ndi mulu wa matayala akutha, ndipo anyamata awiri ophunzira ntchito amatulutsa bokosi la zida m'kanyumba ka malata.

Cha m'ma 7 koloko inafika Land Cruiser yoyera ya pikiapu, ya mtundu uja wa 70 umene Toyota inayamba kupanga mu 1984 ndipo mpaka lero sunasinthe kwambiri maonekedwe. Anthu a ku Chiradzulu amazidziwa bwino galimoto zimenezi. Ndi zomwe zakhala zikunyamula odwala ndi mankhwala m'misewu ya fumbi, makamaka chiyambire pamene bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV m'bomali mu 2001. Iyi inali ya bambo wina wogula nandolo m'midzi, ndipo inali itaona zaka.

"Madala, ikamayenda ikukokera kumanzere, koma ndikaponda buleki ikuthawira kumanja," anatero mwini wake akutsika.

Makaniko wamkulu sanayankhe. Anayandikiza chikhatho ku limu la kutsogolo kumanzere n'kuchibweza msanga. Kenako anakagwira la kumanja, lomwe linali lofunda chabe.

"Bwana, kalipa yagwira. Mwayenda nayo chonchi kuyambira liti?"

"Dzulo dzuloli."

Teyala litachoka, mapadi ananena zina. Limodzi linali litatha mpaka kuchitsulo, linzake likadali ndi nyama, ndipo disiki inali itachita mtundu wobiriwira wa chitsulo chimene chapsa kwa nthawi yaitali.

Kalipa ndi chitsulo chija chimene chimakumbatira disiki. Ya kutsogolo kwa Land Cruiser ngati iyi ili ndi mapisitoni anayi, awiri mbali iyi awiri mbali inayo. Dalaivala akaponda, mafuta a mabuleki amakankha mapisitoniwo, iwo n'kufinya mapadi padisiki. Palibe sipuling'i yowabweza. Chimene chimawabweza ndi kalabala kopyapyala kokhala mumzere wa mkati, kamene kamapindika pang'ono pisitoni ikamatuluka n'kuikoka pobwerera m'malo mwake. Kunja kuli labala lina lotchinga fumbi ndi madzi. Limeneli likang'ambika, matope a dzinja amalowa, dzimbiri limayamba, ndipo pofika Ogasiti pisitoni imatuluka koma osabwereranso. Misewu ya kumidzi kuno, imene yambiri inakumbika koopsa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, imafulumizitsa zonsezi. Galimoto ya m'tauni imatha zaka osaona madzi ofika pa kalipa, pamene iyi imawoloka mitsinje sabata iliyonse ya mvula.

Mkangano unayamba cha m'ma 9, ndipo monga zimakhalira pagalaja, unali wa aliyense. Dalaivala wa minibasi amene ankadikira kuti amuwotcherere ekizozi ananena kuti kalipa sakonza, amangogula ina, ndipo iye akudziwa shopu ku Limbe kumene zatsopano zili mbwee. Wakabaza wina anati ku Ndirande zochotsa ku galimoto zangozi n'zotchipa. Mwini galimoto ankangomvetsera, nkhope ili gwa, chifukwa chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sipeya iliyonse yochokera kunja umamveka ngati chipongwe.

Makaniko anati sanganene kanthu asanaone mkati. Apa ine ndili kumbali yake. Funso loti tikonze kapena tigule siliyankhidwa ndi thumba lokha, ngakhale anthu ambiri amaliyamba ndi thumba. Limayankhidwa ndi chitsulo. Pa kalipa yotere, labala limakhala phee mumzere wake ndipo pisitoni ndiyo imatsetsereka palabalapo. Choncho malo awiri ndi amene ayenera kukhala abwino: khungu la pisitoni, ndi mzere umene labala limakhalamo. Dzimbiri la pamwamba m'chibowo limatsukika. Koma mzere ukadyeka, kapena thupi la kalipa likachita mng'alu, kapena mazinga omangira paipi akatha, imeneyo ndi yotaya ngakhale mwini wake alire bwanji.

Kutulutsa mapisitoni kunatenga nthawi yonse mpaka dzuwa kufika pamutu. Magetsi anali atathima, kompuresa ili chete, ndiye anabwezera kalipa kupaipi yake, n'kuika kathabwa pakati, mnyamata mmodzi n'kumapopa buleki pang'onopang'ono. Atatu anatuluka. Yachinayi inakana mpaka anachita kuinyengerera ndi mafuta ndi kugogoda. Makaniko ankangobwereza mawu amodzi kwa mnyamata wogwira kalipayo: zala kutali. Pisitoni ikamasuka mwadzidzidzi imaphwanya chala.

Atawayala pansalu, nkhani inaoneka yokha. Mapisitoni awiri anali osalala, ongofuna kupukuta. Awiri anali ndi timaenje, khungu lonyezimira lija litasupuka. Mizere ya malabala inali yonse yabwino.

"Tingopala ndi sandipepa, madala, tibwezeremo," anatero mwini galimoto.

"Ayi bwana. Timaenje iti tidya labala latsopano mwezi usanathe. Mafuta akayamba kudontha muli pamtsetse ndi matumba makumi awiri kumbuyo, mudzanditchula dzina."

Kukonza kwa mtundu umenewo ndi kumene kwaipitsa mbiri ya kukonza. Pali amakaniko amene amapala pisitoni yodyeka, kutsuka malabala akale ndi petulo, n'kubwezera. Petulo, dizilo ndi girizi wamba zimatupitsa labala la mabuleki, ndipo labala lotupa limagwiranso pisitoni. Ena, kalipa ikamadontha pamsewu, amangotseka paipi yake ndi msomali kuti galimoto ikafike, kenako "kufika" kuja kumasanduka miyezi itatu galimoto ikuyenda ndi mabuleki a matayala atatu. Munthu amene anaonapo zotere akamati kalipa sakonza, m'pomveka. Koma kalipa yatsopano yosadziwika kumene yachokera, ya m'bokosi lokongola ndi mtengo wokayikitsa, siiposa chitsulo chenicheni cha Toyota chimene chaikidwa mapisitoni ndi malabala abwino. Yochotsa ku galimoto ina nayo ndi mwayi chabe: munthu amagula dzimbiri la wina osaliona.

Anagwirizana zogula kiti ya malabala ya mbali zonse ziwiri, mapisitoni awiri, mapadi, ndi mafuta a mabuleki. Pa za mbali zonse ziwiri panavutanso pang'ono, poti ya kumanja sinalakwe kanthu. Makaniko anafotokoza kuti zonse zinamwa matope amodzimodzi, ndipo mbali imodzi ikamagwira mwamphamvu kuposa inzake galimoto imakokabe. Mnyamata wamkulu anakwera minibasi ya ku Limbe atakulunga pisitoni yakale m'pepala, chifukwa ma Land Cruiser amasiyana malinga ndi chaka, ndipo wogulitsa akangomva dzina lokha amakupatsa chilichonse chimene chili pafupi.

Masana galaja inagona. Anthu anadya chipisi cha pachiwaya, ena nsima ya kulesitilanti ya kuseri. Bawo inatuluka. Magetsi atabwera cha m'ma 2, wowotcherera anadzuka n'kumaliza ekizozi ya minibasi, ndipo dalaivala uja anachoka akunenabe kuti tidzamva. Kunabwera lole ya mchenga yofuna mpweya, ngolo yothyoka ekiselo, ndi mphunzitsi wina amene galimoto yake yaing'ono inkangofuna fyuzi. Makaniko, pakati pa zonsezi, ankabwerera ku kalipa zake, kukolopa mizere ndi kawaya kofewa, kutsuka ndi mafuta a mabuleki okhaokha. Zitsulo ziwiri zimene zimapanga kalipa sanazilekanitse. Anati mabawuti amenewo anamangidwa kufakitale ndipo iye alibe chifukwa chowavutitsira. Disiki anaiyeza n'kupeza kuti ikadali ndi nyama yokwanira.

Mnyamata anabwera itadutsa 3 koloko. Kubwezera kunali kwachangu poyerekeza ndi kuchotsa: labala lililonse kulinyowetsa ndi mafuta a mabuleki, kulikhazika mumzere, pisitoni kuilowetsa ndi zala mowongoka, osamenya ndi hamala. Kansonga kotulutsira mpweya ka kumanzere kanali katauma ndi dzimbiri, ndipo apa aliyense anakhala chete, chifukwa kakathyokera mkati ntchito ya tsiku lonse ikhoza kuthera pomwepo. Kanamasuka.

Mafuta akale anatuluka akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mwini galimoto anavomera kuti chiigulireni sanawasinthepo, ankangothiramo ena akachepa. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya. A DOT 3 akakhala atsopano sawira mpaka kutentha kupitirire madigiri 205, koma akamwa madzi malire ake amatsikira cha pa 140, ndipo madzi omwewo ndi amene amadya mapisitoni kuchokera mkati. N'chifukwa chake amalangiza kuwasintha pakatha zaka ziwiri zilizonse, malangizo amene pamsewu uno amatsatidwa ndi anthu owerengeka.

"Popa! Popa! Gwira!" Mnyamata ali pampando, makaniko ali pansi ndi kabotolo, teyala ndi teyala kuyambira la kutali, mpaka thovu linatha ndipo buleki inalimba pansi pa phazi.

Dzuwa likupendekera ku Blantyre anakaiyesa pamsewu wa fumbi, makaniko ali pachiwongolero, mwini wake pambali. Anaponda katatu, galimoto inaima mowongoka. Atabwerera anagwira malimu onse awiri ndipo kutentha kunali kofanana. Ndalama inaperekedwa theka pa Airtel Money, yotsala nandolo akagulitsidwa. Akabaza anali atayambanso kuunjikana, tsopano ndi mavuto a nyale.

"Mapadi atsopanowa musawapondereze masiku oyambawa," anatero makaniko. "Ndipo handibuleki yanu sikugwira, bwana. Mubwere Loweruka titsekule kumbuyo."

"Loweruka kuli msika, madala."

"Ndiye Lolemba. Pakadali pano mukaima pamtsetse muziika mwala."